Ndinadula Patani ya aNaphiri

Lolemba lapitali mwana wanga Enelesi anafika kuno ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, ndi chitini cha mabisiketi m'khwapa. Anachiika pa benchi langa, pamwamba penipeni pa thabwa limene ndinali kupala.

"Chotsa icho," ndinatero. "Benchi la kalipentala si tebulo lodyera."

Sanachotse. Enelesi ndi mkazi wamkulu tsopano. Amakhala ku Linda, komboni ina ya mumzinda uno, ndipo mwezi wamawa akukwatiwa n'kusamukira ku Kitwe. Mwa ana anga atatu ndi iye yekha amene saopa mawu anga.

"Batate, nifuna munipangileko bokosi," anatero. "Osati ya vovala. Ing'ono chabe, yozama so." Anaonetsa zala zinayi. "Kutsogolo galasi. Yopachika pa chipupa monga chithunzi."

"Uikemo chiyani?"

Anatsegula chitini. Munali mabatani a mitundumitundu, ena a chigoba onyezimira amene masiku ano simungawapeze m'sitolo. Munali kachitsulo kovala kuchala posoka, bobini ziwiri za ulusi, lesi yoyera imene inasanduka yachikasu, baji ya amayi a kumpingo, ngwee zakale, matikiti a basi, masitampa odulidwa pa maenvulopu a ku Katete. Pansi pake panali mapepala opindapinda.

"Izi ndi zinyalala," ndinatero.

"Ni amama," iye anatero.

Ndinasiya kupala. Mundilole ndikuuzeni chifukwa chake.

ANaphiri, akazi anga, anatisiya zaka zinayi zapitazo. Anali telala moyo wawo wonse, poyamba kumsika, kenaka makina awo ali pakhonde pa nyumba ino. Maliro atatha, abale anagawana katundu monga mwa mwambo. Makina anapita ku Katete kwa mng'ono wawo, zitenje kwa awa, mbale kwa awo. Sindidandaula. Mwambo ndi mwambo, ndipo inenso ndagawapo katundu wa anthu ena.

Ife tinatsala ndi buku la zithunzi, limene linkakhala m'dilowa ya pansi. Inu a ku Kanyama simufunika kuuzidwa zimene zimachitikira dilowa ya pansi. Mvula ya chaka chatha madzi analowa m'nyumba kufika m'maondo. Titatsegula bukulo, masamba anali atamatirana, ndipo pomatula nkhope zinachoka ngati utoto wosauma. Zithunzi zina zinali m'foni ya Enelesi. Foniyo anamubera m'minibasi. Lero kulibe nkhope ya aNaphiri kwina kulikonse.

Chitini chinapulumuka chifukwa palibe m'bale amene anachifuna, ndipo chinali pamwamba pa wadilopu. Madzi ataphwa, Enelesi anachitenga.

Anandifotokozera kuti anaona mabokosi otere pa foni. Anthu amayala zidutswa za mapepala kumbuyo, n'kumata tinthu takale pamwamba pake, tina pafupi ndi galasi, tina mkati, kuti tizioneka ngati tili m'kachipinda.

"Bana banga bakazanifunsa ati ambuya benze bwanji, nizabaonetsa chani?" anatero. "Imwe pangani chabe bokosi. Vamukati musagwile. Nizabwela pa Chiwelu, tiike pamodzi."

Mawuwo ndinawamva bwinobwino. Makutu anga akali amoyo.

Lachiwiri ndinayamba ntchito. Ndinali ndi thabwa la mukwa lotsala pa chitseko china, louma bwino, lofiira ngati dothi la kwathu. Ngodya zake ndinalumikiza ndi mano, popanda msomali ngakhale umodzi. Ndinakumba kanjira ka galasi, kumbuyo ndinaika pulayiwudi, ndinapaka mafuta. Zaka makumi asanu ndili pa ntchitoyi. Dzuwa lisanapendeke bokosi linali litatha.

Ndiye linangokhala pabenchi, lopanda kanthu, ndipo Loweruka linali kutali.

Kodi munaonapo mmisiri atakhala pafupi ndi ntchito yosatha, manja ali pamiyendo? Ine sindinamuonepo. Ndinatsegula chitini. Ndinati ndingoyesa, mwana adzapeze zayamba, adzasangalale.

Mabatani ndinawandanda kuyambira lalikulu kufika laling'ono. Ngwee ndinaziika pamzere. Matikiti ndinawalinganiza m'mbali. Koma kumbuyo pulayiwudi inali yamaliseche, inafunika pepala. Ndinafufuza pansi pa chitini n'kupeza lalikulu kuposa onse, lopindidwa kanayi. Linali pepala la thumba la simenti, lofewa ngati nsalu chifukwa cha ukalamba. Nditalitambasula ndinapukusa mutu. Linalibe mbali yowongoka ngakhale imodzi. Kumtunda lokumbika, kumbali lokhota, ndipo m'mphepete ndi kumunsi linali ndi zigamba za mapepala ena zosokedwa ndi makina: china cha nyuzipepala, china cha paketi ya shuga, china cha kope la kusukulu.

Ndinati ndi aNaphiri amenewa. Ankaika chigamba pa chilichonse, ndi pepala lomwe.

Pakati pake panali pabwino, poyera, popanda banga. Ndinatenga sikweya ndi mpeni wakuthwa. Ndinadula kanayi. Chidutswa chinalowa m'bokosi ndendende, osasiya mpata wa tsitsi. Zotsalazo ndinazisesera pamodzi ndi utuchi n'kuthira m'thumba, ndipo madzulo thumbalo linapita kwa mnansi wanga amene amayalira nkhuku zake.

Ndinali wokhutira. Ndikuvomera.

Lachitatu ndinafuna kudziwa mmene ndingagwiritsire lesi popanda guluu kuidetsa. Ndinanyamula bokosi kupita kumsika kwa Che Amidu. Iwo ndi telala, Msilamu, makolo awo anachokera ku Mangochi, ndipo anasoka moyandikana ndi aNaphiri zaka zambiri, mayiwo asanasamutsire makina awo kunyumba. Kunena zoona, za lesizo zinali chifukwa chabe. Ndinkafuna munthu wodziwa ntchito aone ngodya zanga.

Anaziona. "Ee, aMwale, dzanja likadalipo," anatero. Kenaka anatulutsa pepala la kumbuyo lija n'kuliyang'ana padzuwa. Analitembenuza. Anatsitsa magalasi awo kufika kunsonga ya mphuno.

"Chinacho chili kuti?"

"China chiti?"

"Iyi ndi patani, aMwale. Onani muvi uwu wa pensulo, wosonyeza mmene nsalu igonere. Onani timabowo ta mapini. Ndi patani ya diresi la kusukulu la Enelesi. Ndikuidziwa ine. Khosi lili kuti? Pakhwapa pali kuti?"

"Zinali zokhota. Zinali ndi zigamba."

"Zigamba!" Che Amidu anaika pepala pansi pang'onopang'ono. "Si zigamba zimenezo, ndi zaka. Mayi aja sankadula patani yatsopano ya mwana wawo. Anadula imodzi mwana akulowa Giredi wani. Januwale aliyense ankamuyeza, n'kusokera kachidutswa kumunsi ndi kumbali molingana ndi mmene wakulira. Ndinkawaseka ine. Ndinkati, Mayi, kodi pepala la simenti latha mu Lusaka muno? Iwo ankati, ndikufuna ndiziona mmene akukulira. Mpaka Giredi seveni."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Inu simunkadziwa? Nyumba imodzi?"

Nyumba imodzi. Iwo pakhonde, ine kuseri, pakati pathu khoma limodzi la njerwa. Zaka zambiri ndinkamva makina akulira, osafunsa chimene akusoka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya, ndipo ndinanyambita ndi zala zomwe.

"Zodulazo mwataya kuti?" Che Amidu anafunsa.

"M'utuchi."

"Ndiye mwaimiranji pano?"

Mnansi wangayo ndi bana Chanda, ndiko kuti amake Chanda, mayi wa ku Kasama, amene amaweta nkhuku zoyera kuseri kwa nyumba yake. Kuyambira nyengo yotentha sitinkalankhulana bwino, chifukwa ndinamuuza za fungo la khola lake, ndipo ndinamuuza anthu akumva. Utuchi wokha ndi umene unkadutsa mpanda. Tsiku limenelo ndinadutsa ndine.

"Odi."

"Iye, ba Mwale! Mwasoba njila? Olo mwabwela kununkhiza nkhuku zanga futi?"

"Thumba la utuchi la dzulo."

"Ninayala kudala mu khola. Mufuna nikubwezeleni na vitosi vake?"

Ndinamuuza nkhani yonse, mwachidule, nditaima pakhomo ngati mwana wasukulu wochedwa. Kuseka kunatha.

"Patani ya bana Ene?" anatero, kutanthauza amake Enelesi. "Ndiwo banisokela diresi yamene ninavala pa ukwati wa Chanda." Anavula masilipasi, anamanga chitenje, anatenga lichero. "Lowani. Koma mosamala, musanipondele bana."

Ndinagwada m'khola, ine wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, pakati pa anapiye osawerengeka. Ankandijompha zala. Mmodzi anandikwera pamsana. Bana Chanda ankapeta utuchi m'lichero, ine ndikufufuza ndi manja. Za fungo sindinanene kanthu.

Choyamba kupezeka chinali khosi, litapindika pansi pa chomwera madzi. Kenaka mbali zonse ziwiri. Kenaka chakumunsi, chitadetsedwa koma chathunthu, zidutswa zake zikali zosokedwa, chimodzi pansi pa chinzake ngati masitepe. Ndinawerenga. Zinali zisanu. Che Amidu anati Giredi thu mpaka seveni. Zinayenera kukhala zisanu ndi chimodzi. Pansi penipeni panali ulusi wovunda ukulendewera wokha.

Bana Chanda anaima n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine. M'mawa ninatola kapepala koyela, katali so, kali na ulusi. Ninayatsila mbaula ya tunkhuku."

Tinayang'ana m'mbaula tonse awiri. Munali phulusa.

"Munikhululukile, ba Mwale."

"Wodula ndine," ndinatero. "Inu munangoyatsa moto."

Tsopano ndilankhule nanu, awerengi, makamaka amuna anzanga.

Tili ndi matenda owongola. Tikaona chinthu chokhota m'nyumba, sitifunsa kuti chinakhoteranji. Timathamangira sikweya. Mkazi wasunga zitini pansi pa bedi, timati ndi uve. Mwana wajambula pachikuto cha kope, timati waononga. Amayi okalamba akukana kutaya kapu yothyoka chogwirira, timawagulira yatsopano n'kutaya yakaleyo iwo ali kutchalitchi, ndipo timayembekeza kuti atithokoze. Timati tikukonza. Tinafunsa ndani?

Ine ndinawongola zambiri za aNaphiri akali moyo. Ndinawachotsera misomali imene ankapachikapo mapatani, ndinati ikuononga khoma. Ndinawapangira shelefu yowongoka imene sanaipemphe, ndipo sanaigwiritse ntchito. Ndinkati ndi mwano. Sabata ino ndi pamene ndaganiza kuti mwina pepala lopachika silipindika.

Ndiye pali za maliro. Tikamagawa katundu timagawa zooneka: makina, wailesi, masuti, mabulangeti. Pa zimenezo timakangana mpaka kutukwanana. Zotsala timati sesani, otchani. Koma makina aja aku Katete lero akusoka zovala za anthu ena, ndipo sakumbukira dzanja la aNaphiri. Makina ndi makina. Chimene chinali ndi dzanja lawo ndi chija palibe anachifuna.

Ndipo kuno kukomboni pepala silikhalitsa. Madzi amalifuna, makoswe amalifuna, mbaula imalifuna m'mawa uliwonse. Osamukasamuka nyumba za lendi amalisiya pakhomo chifukwa wilibala yadzaza. Ana athu amati zonse zili m'foni. Foni imene imagona m'thumba la kumbuyo m'minibasi yodzaza? Anthu a kumayadi ali ndi zithunzi m'mafelemu ndi miyala yolembedwa kumanda. Ife tili ndi zitini za mabisiketi. Chitini chikapita, mdzukulu adzadziwa bwanji kuti agogo ake anali ndi manja otani?

Poyamba ndinkayesa bokosi la Enelesi ndi masewera a anthu osowa ntchito. Ndasintha maganizo. Sindisintha kawirikawiri.

Lachinayi ndinabwerera kwa Che Amidu ndi zidutswa, nditazipukuta ndi kansalu kouma n'kuziyanika pamthunzi. Anasiya ntchito ya anthu. Anayala kansalu kopyapyala pansi, analumikiza zidutswa pamwamba pake, n'kusoka pamanja motsata mmene mpeni wanga unadutsira. Anaima kokha pa nthawi ya swala, pemphero lawo. Pomaliza, diresi la pepala linagona patebulo: khosi laling'ono la mwana wa Giredi wani, kumunsi likutalika chaka ndi chaka. Misoko inayi yowongoka inkaoneka pakati pake. Kumunsi kunali mpata.

Apa panabuka vuto lina. Patani yathunthu sinkalowanso m'bokosi langa lokongola lija. Ndinaganiza zoipinda. Ndinaganizanso. Ndinali nditadula pepala kuti likwane m'bokosi. Tsopano bokosi linayenera kukwana pepala. Ndinatenga foni.

"Enelesi. Bokosi likakhala lalitali, kufika m'chiuno, lingavute?"

"Iyai, ili chabe bwino." Kenaka anati, "Batate, mwayamba liti kufunsa?"

"Netiweki ikuvuta," ndinatero, n'kudula.

Ndisanachoke, Che Amidu anatsegula dilowa n'kutulutsa pepala loyera lakale, lachikasu m'mbali.

"AMwale, tamverani. Ili ndi la zaka zomwezo. Ndikhoza kusokera kumunsi, palibe angadziwe. Misoko inayi ija muziti pepala linang'ambika mopindamo, lakale limatero. Mwana akupita ku ukwati. Musamulize."

Ananena mokoma mtima. Pepalalo ndinalitenga n'kuliika m'thumba la malaya.

Lachisanu ndinapanga bokosi lachiwiri, lalitali, lopapatiza, ndi thabwa limene ndinkasungira mpando wanga. Tsiku lonse pepala lija linali m'thumba, ndikulimva pachifuwa ndikawerama. Kangapo ndinalitulutsa n'kuliyesa pampata. Linkakwana bwino kwambiri. Koma pa zaka zanga zonse sindinatsekepo bowo la thabwa ndi utuchi ndi guluu n'kuuza munthu kuti ndi mtengo wathunthu. Ndiyambire pa mwana wanga?

Loweruka Enelesi anafika m'mawa, atanyamula guluu wa mapepala ndi kalumo kakang'ono. Anapeza patani itagona pabenchi, pafupi ndi bokosi.

Anaika chikwama pansi. Anayendetsa chala pamsoko woyamba, kuchokera kumtunda kufika kumunsi. Kenaka wachiwiri. Kenaka anatsikira ku zidutswa zija, akuwerenga chapansipansi.

"Giredi thu. Fili. Folo. Faifi. Sikisi." Chala chinaima pa ulusi wolendewera. "Ya Giredi seveni ili kuti?"

"Inapsa."

"Na iyi misoko?"

"Ndinadula ndine, ndi sikweya. Ndinkayesa ndi zigamba. Unandiuza kuti ndisagwire, ndinagwira. Zodulazo zinapita ku nkhuku za bana Chanda. Zinazo tinazipeza, chimodzicho chinayatsa mbaula." Ndinamuyang'ana m'maso. "Ndalakwa, mwana wanga."

Mawu amenewo sindinawanenepo kwa mwana chibadwire.

Anatuluka, anazungulira kuseri kwa nyumba. Sindinamutsatire. Ndinatenga sandipepa n'kuyamba kukwecha thabwa limene linali losalala kale. Ndinamva bana Chanda akumuitana pampanda, mawu awo akutsika, kenaka zii. Ndinaganiza kuti akabwera atenga chitini chake n'kupita ku Linda, ndipo ku Kitwe apita ndi chimene atate ake anamuchita. Akanakhala ndi chifukwa.

Anabwera maso ali ofiira. Anakhala pa kampando.

"Bana Chanda bati munagwada mu vitosi, nkhuku inakukwelani pa msana."

"Amakokomeza."

"Bati simunakambe vya fungo olo kamodzi." Anapukuta mphuno, pakamwa pakufuna kuseka. Kenaka anati, "Muziba pepala yamene inapsa?"

"Loyera."

"Inali yanu. Tsiku ija amama banasoba pepala, so banang'amba mu buku yanu ya miyezo. Munakalipa wiki yonse, ati ndani anagwila buku yanga. Ise tinali kuseka pa khonde, amama bati shh, bazamvela."

Ndinakumbukira. Ndinakumbukira tsamba losowa, ndi mmene ndinakalipira ana onse atatu. Sindinadziwe kumene linapita kufikira Loweruka lapitali.

"Ija buku ikaliko?"

Likalipo. Limakhala m'bokosi la zida, pansi pa matchizulo. Ndi buku limene ndimalembamo utali ndi ufupi wa chilichonse ndisanadule thabwa, ndipo palibe munthu amaligwira. Ndinalitulutsa n'kumupatsa. Anakana.

"Ng'ambani mweka."

Ndinatsegula masamba a kumayambiriro, a zaka zimene maso anga ankaona popanda magalasi. Zitseko, mipando ya sukulu, mabedi. Ndinapeza limene ndinkafuna. Pamwamba pake panalembedwa ndi pensulo: tebulo la makina, aNaphiri. Pansi pake miyezo, ndi kachithunzi ka dilowa ya ulusi. Ndi chinthu choyamba chimene ndinawapangira titangofika mu Lusaka.

Ndinang'amba ndi manja, popanda rula. Linang'ambika mokhota.

Enelesi analiwerenga, analiwerenganso. Anatenga bobini ya amake, anasolola ulusi, anasokera tsambalo kumunsi kwa patani. Iye si telala. Msoko wake unayenda ngati njira ya munthu wochokera kumowa. Ndinaona, ndipo ndinatseka pakamwa.

Tinagwira ntchito mpaka masana, iye akulamula, ine ndikupereka. Kumbuyo anayala timapepala tong'ambika, matikiti ndi zidutswa za makalata, china pamwamba pa chinzake, kuti pulayiwudi isaoneke. Patani anaigoneka pamwamba, osaimata yonse, anangoigwiritsa ndi mapini a amake kuti m'mphepete muzitukuka. Lesi anaiika pakhosi. Baji pachifuwa. Mabatani anga a pamzere anawasokoneza ndi dzanja limodzi, anasankha asanu osafanana n'kuwatsitsa kutsogolo kwa diresi, ena anawamwaza pansi pa bokosi monga ankagwera pakhonde. Anandiuza ndidule timatabwa ting'onoting'ono, toika kuseri kwa masitampa ndi ngwee kuti zituluke kubwera kugalasi. Kachitsulo ka kuchala anakapachika ndi ulusi kuchokera kumwamba. Bokosi likagwedezeka, kamayenda.

Guluu ankaika kadontho ndi nsonga ya machesi. Ine ndikanathira wa matabwa ndi burashi, n'kuononga zonse kachiwiri.

Bana Chanda anabwera kudzaona, manja ali m'chiuno. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Awe, ni beve," anatero. "Ni bana Ene na mutu wao." Anatembenukira kwa ine. "Iyo bokosi ing'ono yamene yasala, musataye. Nili na tunthu twa bamayo."

Ndinati adzabwere nato tinthu ta amayi aketo, koma adzaike yekha.

Pomaliza ndinagwira galasi m'mbali, ndinalipukuta, ndinaliika pakamwa pa kanjira kake. Ndinaima.

"Nditseke?"

Enelesi anayang'ana kuyambira kukhosi kufika ku tsamba langa lokhota.

"Misoko yanu ioneka maningi," anatero.

"Ndikhoza kuibisa ndi lesi."

"Siyani. Bana bakafunsa, nizabauza ati apa ni pamene ambuya bamuna banathandiza." Anaseka, misozi ikutsika. "Tsekani, batate."

Ndinatseka. Anakulunga bokosi m'chitenje, ndipo ndinamunyamulira kufika pokwerera minibasi. Anakhala kutsogolo, ataliimika pakati pa miyendo, manja onse awiri ali pagalasi.

Ine ndinali ndi mwayi: Che Amidu akali moyo, ndipo nkhuku sizidya pepala la simenti. Koma amene akanandiuza zonse ndi pakamwa pawo anakhala nane zaka makumi anayi, kuseri kwa khoma limodzi. Inu amene mkazi wanu, amayi anu kapena azakhali anu akali kupuma, ndipo ali ndi kanthu kokhota kamene amakana kutaya: mudzawafunsa liti kuti n'ka chiyani?